Kamakina ka shuga kopanda timapepala n'khasu lopanda mpini

Kwa miyezi iwiri tsopano, bungwe lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, lakhala likukangana za matenda a shuga. Zinayamba pamsonkhano wina titakumbukira akuluakulu amene tawaperekeza kumanda m'zaka zapitazi, n'kuona kuti ambiri a iwo anali odwala shuga. Mayi wina anaimirira n'kufunsa kuti: "Kodi tizingodikira kugula bokosi? Bwanji tiyambe kuthandizana munthu akadali ndi mpweya?" Ganizo limene linatuluka ndi loti bungwe ligulire membala aliyense wodwala shuga kamakina kodziyezera kunyumba. Mkanganowo unasefukira pa WhatsApp, ndipo tsopano ndikuumva pakhomo la tchalitchi ku Highfield, pamzere wa kuchipatala, ngakhale m'kombi yopita ku Mbare. Ena akuti aliyense wodwala shuga azidziyeza tsiku ndi tsiku. Ena akuti timakinati ndi msampha wa ogulitsa mankhwala, kuyeza kusiyidwe m'manja mwa anamwino. Achinyamata nawo akuti zobaya chala zinatha kale.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera. Kudziyeza shuga kunyumba n'kofunika, koma sikufunika mofanana kwa aliyense, ndipo chimene chikusowa m'nyumba zathu ndi timapepala toyezera, timene munthu amalowetsa m'kamakina n'kudonthezapo magazi a pachala, osati kamakina. Choncho ndalama iliyonse imene ingapezeke, kaya ya bungwe, ya banja kapena ya boma, ipite ku timapepala mwezi ndi mwezi, kuyambira kwa anthu amene amadzibaya jakisoni wotsitsa shuga wa insulini, kenako amayi oyembekezera amene ali ndi shuga ndi okalamba amene amamwa mapiritsi otsitsa shuga mwamphamvu monga glibenclamide. Timapepala tiziwerengedwa ngati mbali ya mankhwala. Kupatsa munthu insulini popanda choyezera n'kumutuma ulendo wa usiku wopanda nyali.

Chimene chinandifikitsa pa maganizo amenewa ndi azakhali anga. Iwo amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina nditapita kukawazonda ndinawafunsa ngati ali ndi choyezera. Anatsegula wodilopu, n'kutulutsa kamtolo kokulungidwa bwinobwino m'chitenje, ndipo m'kati mwake munali kamakina konyezimira kamene mwana wawo anawatumizira pa basi kuchokera ku Johannesburg nyengo ya Khirisimasi. Kanabwera ndi timapepala 10, ndipo tinatha chaka chatsopano chisanafike patali. Anandiuza kuti: "Mwanawe, kamakina ndili nako, koma kalibe chakudya." Atafunsa m'masitolo a mankhwala apafupi anapeza timapepala ta mitundu ina, tosalowa m'kamakina kawo, popeza kamakina kalikonse kamalandira timapepala ta mtundu wake wokha. Ta Accu-Chek sitigwira ntchito mu OneTouch. Kuyambira pamenepo azakhali amayeza ndi thupi: akamva chizungulire amamwa tiyi, akamva ludzu amawonjezera jakisoni pongoganizira. Tiwerengere limodzi. Munthu wodziyeza kanayi pa tsiku amamaliza kabokosi ka timapepala 50 asanakwanitse masiku 13, ndipo pa chaka amafuna timapepala 1,460, amene ndi mabokosi pafupifupi 30. Kamakina amagula kamodzi, n'chifukwa chake kamaoneka ngati mphatso yabwino yoti mwana wa kunja atumize kapena bungwe lipereke pamaso pa anthu. Koma mtolo weniweni umayamba mphatsoyo ikalandiridwa.

Tsopano ndiyankhe amene akuti aliyense azidziyeza tsiku lililonse, ndipo bungwe lisasankhe anthu popeza tonse timasonkha ndalama zofanana. Mfundo yawo ndikuimvetsa. Palibe amene amafuna kuuzidwa kuti matenda ake ndi aang'ono poyerekeza ndi a mnzake, ndipo shuga wa mtundu uliwonse amawononga maso, impso ndi mapazi akapanda kusamalidwa. Komanso mbiri ya matendawa ikuoneka ngati ili kumbali yawo. Makina oyamba owerenga shuga pa dontho la magazi anatuluka cha m'ma 1970, akuluakulu ndi ogwiritsidwa ntchito m'zipatala, ndipo m'ma 1980 anayamba kulowa m'nyumba za anthu. Mu 1993 kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada, wa anthu 1,441 odwala shuga wa mtundu woyamba (umene thupi limasiya kupanga insulini), anasonyeza kuti amene ankadziyeza kanayi kapena kuposa pa tsiku n'kumasintha mlingo wa insulini motsatira nambalazo, chiopsezo chawo choyamba kuwonongeka maso chinatsika ndi 76 peresenti. Komabe taonani amene anapindula: anali anthu obaya insulini, amene nambala ya pa kamakina inkawauza chochita nthawi yomweyo. Kwa munthu wa shuga wa mtundu wachiwiri amene amangomwa mapiritsi a metformin, nkhani ndi ina. Mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku North Carolina, ku America, wa anthu 450 osabaya insulini. Ena sankadziyeza konse, ena ankadziyeza kamodzi pa tsiku, ndipo patatha chaka shuga wawo sanasiyane kwenikweni. N'chifukwa chake ngakhale ku England, dziko lolemera, bungwe lolangiza za chithandizo la NICE limati odwala shuga wa mtundu wachiwiri asamangopatsidwa zodziyezera mwachizolowezi, pokhapokha ngati amabaya insulini, shuga wawo amatsika moopsa, ali oyembekezera, kapena amamwa mapiritsi otha kugwetsa shuga uku akuyendetsa galimoto kapena makina. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Womwa metformin akaona nambala yokwera ngati 9 m'mawa, piritsi lake ndi lomwelo, mlingo womwewo, ndipo metformin payekha sagwetsa shuga kufika poopsa kawirikawiri. Wobaya insulini akaona nambala yotsika ngati 3.5, ayenera kudya kaye asanayandikire jakisoni. Kwa woyambayo nambala ndi uthenga chabe, kwa wachiwiriyo ndi moyo wake wa tsikulo. Chilungamo sichitanthauza kugawa zofanana kwa anthu amene ngozi zawo n'zosiyana. Pamaliro penipeni sitigawa ufa mofanana kwa anamfedwa ndi kwa ongobwera kudzakhuza.

Ngozi imene ndikunenayi ndinaiona ndi maso anga pamaliro ena ku Mabvuku, usiku wa mwezi wa June. Abambo tinali panja titazungulira moto, amayi akuimba m'nyumba. Bambo wina wachikulire, amene tonse timawatchula kuti amalume, anayamba kutuluka thukuta kuli chisanu chotere, manja akunjenjemera, mawu osamveka mutu wake. Anyamata ananong'onezana kuti mwina alawa mowa. Wina amene ankadziwa za matenda awo anakuwa kuti: "Shuga wakwera ameneyo, musawapatse chotsekemera!" Mwamwayi pakati pa amayi a chigwirizano panali namwino wopuma ntchito amene sasiyana ndi kamakina m'chikwama. Anagwada, n'kunena modekha kuti: "Amalume, tabweretsani chala." Nambala inatuluka 2.6. Shuga akatsika mpaka pansi pa 3.9 ndiye kuti wafika pofunika kuchitapo kanthu msanga. Amalumewo anali atamwa glibenclamide wawo monga mwa nthawi zonse, koma nsima ya pamaliro inachedwa ndipo anachita manyazi kupempha chakudya. Popeza anali akutha kumeza, anawapatsa tiyi wa masupuni atatu a shuga, patatha mphindi 15 anawayezanso, kenako anawapatsa buledi, ndipo anawatengerabe kuchipatala chifukwa mphamvu ya piritsi limeneli imakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kugwanso. Chimene chimandiopsa ndikakumbukira n'chakuti tonse tinali ndi mtima wowathandiza, koma popanda kapepala kamodzi kaja tikanawamana chinthu chokhacho chimene chikanawapulumutsa.

Gulu lachiwiri likuti kuyeza kusiyidwe kuchipatala. Iwo amati kumeneko kuli anthu ophunzira, ndiponso kuli kuyeza kwa HbA1c kumene kumasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu, kumene munthu sangakunamize posala chakudya tsiku limodzi. Pamenepa akunena zoona, ndipo kwa womwa metformin yekha, ndalama ya kuyeza kumeneku kawiri pa chaka ndi yaphindu kuposa ya timapepala ta tsiku ndi tsiku. Ndikanakonda bungwe lathu litathandizanso anthu kulipira kuyeza kumeneku. Koma HbA1c imangopereka chithunzi cha nyengo yonse pamodzi. Mlimi aliyense akudziwa kuti mvula ya chaka ikhoza kukwana poiwerengera, chimanga n'kufa ndi ng'amba ya masabata atatu mu January. Momwemonso munthu akhoza kukhala ndi HbA1c yooneka bwino pamene shuga wake amagwa pakati pa usiku n'kukwera kwambiri masana. Kuwonjezera apo, tisanamizane za mmene timapitira kuchipatala. Ambiri timapita kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi itatu, m'mawa, osadya, ndipo ena amayamba kudziletsa masiku awiri tsikulo lisanafike poopa kukalipiridwa ndi anamwino. Nambala imene imalembedwa m'buku tsiku limenelo ndi ya munthu wovala za Lamlungu. Dokotala wa kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe akafuna kusintha mlingo wa insulini, chimene chingamuthandize ndi kabuku kosonyeza nambala za m'mawa, za madzulo ndi za pogona kwa masabata angapo. Kudziyeza kunyumba sikulanda ntchito ya chipatala, kumapatsa dokotala maso oonera masiku amene wodwala sali pamaso pake.

Gulu lachitatu ndi limene ndimalimvera chisoni kwambiri, chifukwa likulankhula zimene laona. Iwo akuti timakinati timanama ndipo timadwalitsa anthu ndi nkhawa. Amanena za mayi amene amadziyeza katatu motsatizana, n'kupeza nambala zitatu zosiyana, n'kugona osadya. Amanena za bambo amene anaona nambala yaikulu, n'kumeza mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, kapena kuthamangira kwa ogulitsa zitsamba. Zimenezi zimachitikadi. Koma tikazifufuza, vuto limapezeka kuti munthu anapatsidwa chida osaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Palibe anamuuza kuti kamakina kabwinobwino kamaloledwa kuphonya ndi 15 peresenti, kotero 8.0 ndi 8.7 pa zala ziwiri si bodza ayi. Palibe anamuuza kuti akasenda mango kapena nthochi n'kubaya chala osasamba m'manja, akuyeza shuga wa chipatsocho. Palibe anamuuza kuti timapepala timatha mphamvu, ndipo kabotolo kosiyidwa kosatseka, kapena koikidwa pawindo m'nyumba ya malata mwezi wa October, kamapereka nambala zolakwika. N'chifukwa chakenso timapepala togulitsidwa kamodzikamodzi pamsika, totuluka kale m'kabotolo kake, sitiyenera kudaliridwa ngakhale titatsika mtengo chotani. Palinso nkhani ya miyezo imene yasokoneza mabanja ambiri. Kuno ku Zimbabwe timawerenga mu mmol/L, pamene timakina tochokera ku America timawerenga mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake n'kuchulukitsa ndi 18. Munthu wozolowera kumva 7 akaona 126 amaganiza kuti watha, chikhalirecho ndi nambala yomweyo. Ndipo cholembera chobayira chala chija si chobwerekana, ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, chifukwa chimatha kufalitsa matenda a m'magazi monga a chiwindi a hepatitis B. Zonsezi namwino mmodzi akhoza kuziphunzitsa pa ola limodzi pansi pa mtengo. Safunsa anadya phula, koma nafenso amene timagulira makolo athu zinthuzi tili ndi mlandu, chifukwa timangotumiza katundu osatumiza womufotokozera.

Apa wina angafunse kuti kodi omwa metformin ndiye tawataya? Ayi. Chimene ndikukana ndi kubaya chala m'mawa uliwonse mwamwambo, n'kuyang'ana nambala, n'kuusa moyo, n'kupitiriza tsiku monga dzulo. Kuyeza kwaphindu kwa anthu amenewa ndi kofunsa funso. Dziyezeni musanadye nsima ya ufa woyera, ndipo mudziyezenso patatha maola awiri. Tsiku lina chitani chimodzimodzi ndi nsima ya mgaiwa yocheperako, ndiwo zamasamba zochuluka. Tsiku linanso yesani ndi kapu ya thobwa kapena maheu, kapena muyende mphindi 30 mutatha kudya. Anthu ambiri amalangizidwa kuti asanadye shuga akhale pakati pa 4 ndi 7, ndipo patatha maola awiri atadya asafike 10, ngakhale dokotala amatha kuika malire ena malinga ndi msinkhu ndi thanzi la munthu. Ndinaona achimwene anga ena, amene anakana malangizo a akazi awo kwa zaka zambiri, atasiya okha kuthira masupuni atatu mu tiyi chifukwa cha nambala ziwiri zokha zimene anaziona ndi maso awo. Poyeza motere kabokosi kamodzi kamakwana miyezi ingapo, ndipo kapepala kalikonse kamasiya phunziro. Nthawi zina zoyenera kudziyeza ndi pamene munthu wadwala malungo kapena matenda ena, ndiponso pamene mankhwala asinthidwa.

Achinyamata athu akuti tikukangana za zinthu zakale. Amationetsa pafoni kachipangizo komata pamkono monga FreeStyle Libre, kamene kamakhala masiku 14 kakuwerenga shuga usana ndi usiku. Zoona, ndi luso lalikulu, ndipo kwa mwana wa shuga wa mtundu woyamba ndi makolo ake amene sagona poopa kuti shuga agwa usiku, ndi mpumulo weniweni. Ndimafunitsitsa tsiku limene kadzafike kwa ana a ku Epworth ndi Dzivarasekwa. Koma vuto lake ndi lomwe lija la azakhali: pakatha masabata awiri pamafunika kena, ndipo mtengo wake ndi woposa wa timapepala. Komanso njira imene malonda ake akulowera imandiwawa mtima. Mu March 2024 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linaloleza kachipangizo ka mtundu umenewu kogula popanda kalata ya dokotala, kopangidwira anthu osabaya insulini, kuphatikizapo amene alibe n'komwe matenda a shuga. Kumeneko anthu athanzi akuvala zoyezera kuti aone chimene buledi amachita m'thupi mwawo, kuno wobaya insulini akungoganizira. Ndipo chenjerani ndi mawotchi ndi mphete zotsatsidwa pa intaneti zoti zimayeza shuga popanda kuboola khungu. Mu February 2024 FDA yomweyo inachenjeza anthu kuti asazigwiritse ntchito, chifukwa palibe ngakhale chimodzi chimene inachivomereza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo yotsiriza, imene ndi yolemera kuposa zonse, ndi ya ndalama. Akuluakulu a bungwe akuti kugula kamakina n'chinthu chokhala ndi mapeto, pamene kulonjeza timapepala mwezi ndi mwezi n'kukumba dzenje lopanda pansi, ndipo thumba la maliro likhoza kuuma. Sindikuwatsutsa kuti ndi mtolo. Koma n'chifukwa chake ndikuti tisankhe anthu ochepa amene moyo wawo uli pa timapepalati, m'malo mogulira anthu ambiri timakina timene tidzagone m'mawodilopu. Tikasankha mtundu umodzi wa kamakina umene timapepala take timapezeka m'masitolo a mankhwala a m'dera lathu, n'kumagula pamodzi, tidzakhala ndi pakamwa pokambirana mtengo. Ndiponso bungwe la maliro siliyenera kusenza denga limeneli lokha. Mu 2022 mayiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, kuphatikizapo Zimbabwe ndi Malawi, anagwirizana kuti pofika 2030 munthu aliyense wa shuga wa mtundu woyamba azipeza insulini ndi zodziyezera shuga pa mtengo wotheka. Taonani kuti zinthu ziwirizi anaziika m'chiganizo chimodzi. Dziko lino likudziwa kale kusamala matenda okhalitsa. Linakhazikitsa msonkho wa Edzi mu 1999, ndipo lero womwa ma ARV amayezedwa magazi ngati mbali ya chithandizo chake, palibe amene amati kuyezako n'chinthu chapadera. Kuyambira 2024 palinso msonkho pa shuga wa m'zakumwa, umene boma linati ndalama zake zithandize kugula zipangizo za matenda a khansa. Odwala khansa akufunikadi thandizo limenelo. Koma kodi n'kulakwa kupempha kuti kagawo ka msonkho wa shuga kafikenso kwa odwala shuga, kuti wolandira botolo la insulini pawindo la chipatala azilandiranso kabokosi ka timapepala? A bungwe loona za matenda a shuga padziko lonse la International Diabetes Federation anawerengera mu 2021 kuti akuluakulu 24 miliyoni m'chigawo cha Africa ali ndi matendawa, ndipo oposa theka sakudziwa. Anthu amenewa akamapezeka, mzere wa insulini udzatalika, ndipo mtengo wa mwendo wodulidwa kapena wa makina otsuka impso ndi woposa kutali wa timapepala.

Pamsonkhano wa mwezi wamawa ndidzaimirira n'kupempha akuluakulu kuti tisagule timakina ta aliyense. Ndidzapempha kuti tilembe mayina a mamembala ndi ana awo amene amabaya insulini, tione timakina timene ali nato kale ndi timene timapepala take timapezeka, aliyense apatsidwe kabuku kolembamo nambala, ndipo mayi namwino uja atiphunzitse tonse, odwala ndi owasamalira omwe. Azakhali anga ndawagulira kale kabokosi koyamba, pamodzi ndi kamakina kena ka mtundu wopezeka pafupi. Sabata yoyamba yomwe kabuku kawo kanasonyeza 3.4 m'mamawa kawiri, ndipo atakaonetsa kuchipatala, dokotala anawachepetsera jakisoni wa madzulo.